Mbale ya Abiti Juma

Ndikukumbukira chaka chimene tinasamukira ku Nkaya. Abambo ankagwira ntchito ya njanji, ndipo atawasamutsa kuchoka ku Balaka tinakweza zonse m'sitima: bedi, kabati, mphika wachitsulo wa amayi ndi nkhuku zomanga miyendo. Ine ndinali pa msinkhu uja mwana amafunsa chilichonse chimene waona. Dzina langa ndi Felista, koma abambo ankanditcha wapolisi, ati chifukwa ndikayamba mafunso sindinkasiya mpaka munthu atavomera mlandu.

Nyumba yathu inali kuseri kwa siteshoni, pamalo a fumbi ndi mitengo ya malambe. Anansi athu ambiri anali Asilamu olankhula Chiyao. Kwa ine zimenezi sizinavute, poti phada ndi fulaye sizifuna chilankhulo. Amene anavutika ndi amayi. Ku Balaka anali munthu wodziwika, wa m'kwaya, woti akadutsa pamsika moni ankachita kumutopetsa. Ku Nkaya ankaima pamzere wa kumjigo amayi ena akucheza ndi kuseka m'Chiyao, iwo n'kumangoyang'ana ndowa yawo. Ankabwerako ali duu, ndipo ine zinkandimvetsa chisoni ngakhale sindinkadziwa chochita.

Moyang'anizana ndi nyumba yathu munkakhala Abiti Juma, mayi wamtali amene ankagulitsa mandasi pasiteshoni sitima ikaima. Mawu awo ankamveka kuposa kulira kwa sitimayo. Mwezi wa Ramazani utayamba, tsiku lina dzuwa likulowa, anatitumizira futali wa chinangwa chothira nsinjiro. Anamuika m'mbale yachitsulo yoyera ya maluwa ofiira, utoto wake utagamphuka pang'ono m'mphepete. Amayi anasangalala ngati alandira mlendo wochokera kwawo.

Mbale ya mnzako sibwerera yopanda kanthu, izi aliyense amadziwa. Abambo anapha tambala, amayi anamukazinga bwino ndi tomato, ine n'kunyamula. Abiti analandira ndi manja awiri, anathokoza, kenako anandifunsa mwaulemu kuti wazinga nkhukuyo ndani. Ndinayankha monyadira kuti abambo. Pasanapite nthawi anabwera okha kwathu mbale ili m'manja, nyama yosakhudzidwa. Anapepesa kwambiri, nafotokoza kuti iwo sadya nyama imene sanazinge Msilamu. Anati tidye ife, mbaleyo tidzabweza tsiku lina, palibe changu.

Abiti sanakwiye, koma amayi manyazi anawagwira koopsa. Anayamba kupita kumjigo masana dzuwa lili paliwombo, nthawi imene kulibe munthu. Mbale ija anaitsuka n'kuiika pamwamba pa kabati, ndipo inakhala pamenepo masiku akupita. Kuibweza yopanda kanthu kunali kutseka chibale chisanayambe. Kuikamo chinthu china cholakwika kunali kuonjezera chipongwe. Mwezi wosala kudya unali kupita kumapeto mbale idakali pakabati.

Ndiye amayi anakumbukira buledi wa asisitere. Asanakwatiwe anagwirapo ntchito kukhitchini ya mishoni ina cha ku Utale, kumene sisitere wina wa ku Ireland anawaphunzitsa buledi wakwawo wosathira yisiti. Amafuna fulawa, mchere, chambiko ndi soda yemweyu timathira m'therere. Ku Balaka ankatiphikira pa Khirisimasi ndi pa Pasaka, koma wopanda tchizi, poti tchizi sichinali chakudya cha nyumba ngati yathu. Ulendo uno anati aphika weniweni, monga ankadyera asisiterewo. Mulibe nyama, mulibe mafuta okayikitsa, palibe amene angafunse kuti wazinga ndani.

Abambo anabwera nacho tchizicho kuchokera ku Balaka, kachibenthu kokulunga m'pepala. Aka kanali koyamba kuti ndichione. Chinkaoneka ngati sopo wachikasu wochapira, ndipo fungo lake abambo anati likufanana ndi la jombo zawo. Ndinachizungulira tsiku lonse. Ndinafunsa kuti mkaka ungaume bwanji mpaka kumadulidwa ndi mpeni. Ndinafunsa ngati ng'ombe zake zili ngati zathu zomwezi. Ndinafunsa ngati chawola kapena sichinawole, amayi n'kuyankha kuti chawola, koma mwadongosolo. Nditanyambita kachidutswa ndinadabwa: mchere osakhala mchere, mafuta osakhala mafuta, koma lilime linkafuna kubwerezanso.

Tsiku lophika linali ngati la chikondwerero kwa ine. Abambo anali ataboolaboola chivindikiro cha chitini ndi msomali, ndipo amayi akakhutiza tchizi pamenepo chinkagwa ngati timphutsi tachikasu. Anachigawa pawiri, poti mphika unali umodzi: buledi woyamba wa Abiti, wachiwiri wathu. Kuti ndisiye kuwafunsa chimene chimafufumitsa buledi wopanda yisiti, anandipatsa chambiko pang'ono m'kapu n'kuwazamo soda. Chambiko chija chinachita thovu, chikulira pansipansi ngati chikunong'ona. Ndinaika khutu pakapu, ndipo mpaka lero sindinaiwale phokoso limenelo.

Amayi anasakaniza fulawa, mchere, soda, tchizi ndi masamba a anyezi odula mwapang'onopang'ono, kenako anathira chambiko. Sankakanda ngati mandasi iyayi. Manja awo ankangosonkhanitsa mofatsa, ati buledi ameneyu ukamuvutitsa amalimba mtima. Anaumba chimbulunga chachikulu n'kuchiphwatalitsa pang'ono pathebulo.

Apa ndi pamene ndinkadikira. Nthawi zonse amayi ankatenga mpeni n'kudula mtanda waukulu pamwamba, kenako n'kubaya m'zigawo zonse zinayi. Sisitere uja anawauza kuti mtandawo ndi wodalitsa buledi, ndipo kubayako n'kotulutsa timizimu tating'ono takwawo timene timabisala mufulawa n'kuononga chakudya. Ine ndinkati amenewo ndi andondocha a azungu, ndipo ndinali nditalumbira kuti tsiku lina ndidzaona mmodzi akutuluka.

Amayi anatenga mpeni, anauimika pamwamba pa buledi, n'kukhala choncho kanthawi. Kenako anauika pansi.

"Lero iyayi," anatero. "Tinawalakwira kale ndi nkhuku. Ndiye tiwatumizirenso mtanda m'mbale yawo, m'mwezi wawo wopemphera? Adzati tikufuna kuwabatiza."

Ndinafunsa kuti nanga andondocha atulukira pati. Anandiuza kuti nditseke pakamwa ndikakolezere makala.

Uvuni tinalibe. Buledi ankalowa mumphika wachitsulo uja, makala pansi, makala ena pachivindikiro, monga timachitira ndi chigumu. Posakhalitsa fungo linadzaza bwalo lonse, la tchizi chopserera ndi anyezi, fungo loti ngakhale galu wa kusiteshoni anabwera kudzakhala pafupi. Amayi atavundukula, pamwamba panali pofiirira bwino, kungoti pambali panali patang'ambika mokhota. Anamutembenuza n'kugogoda kunsi ndi chala. Buledi wakupsa amalira ngati ng'oma, koma uyu anangoti phi. Anamubwezera pamoto, kunja kwake kunayamba kuda, kugogoda kuli chimodzimodzi. Atamudula tinapeza m'kati muli phala lomata, lonanda kumpeni.

Amayi anakhala pansi pakhonde. Dzuwa linali litapendeka, mthunzi wa mlambe utafika pakhomo pathu. Sanadziwe chimene chalakwika. Anati mwina soda ndi wakale, mwina makala anachuluka, mwina dzanja lawo laiwala. Tchizi chinali chitatsala cha buledi mmodzi yekha, ndipo akanalakwitsanso, mbale ikanabwerera pakabati. Ndinaona maso awo atadzaza misozi, ndipo ndinachita mantha, poti amayi sanali munthu wolira wamba.

Nthawi yomweyo tinamva odi. Anali Abiti Juma, akuchokera kusiteshoni beseni lili pamutu.

"Amake Felista, mukufuna kutiphwanyitsa swaumu ndi fungoli? Munthu wasala kuyambira m'bandakucha, inu n'kumatizunza chonchi?"

Amayi anayesa kuvindikira buledi uja ndi nsalu, koma wapolisi anali atayamba kale kupereka umboni. Ndinafotokoza zonse: za mbale, za tchizi chowola mwadongosolo, za asisitere, za mtanda umene sunadulidwe ndi chifukwa chake, mpaka za andondocha amene atsekeredwa m'kati. Amayi ankandiyang'ana ndi diso loti tionana, koma mawu anali atatuluka.

Abiti anatula beseni n'kuseka mpaka kugwira m'chiuno. Atayang'ana nkhope ya amayi anasiya kuseka. Anagwada, anavundukula nsalu, n'kudina phala lija ndi chala. Kulawa sakanatha poti anali akusala. Anati nawonso mandasi akakula kwambiri amapsa kunja kokha, n'chifukwa chake amawacheka pang'ono asanawaponye m'mafuta. Anafunsa ngati fulawa watsala. Amayi anagwedeza mutu kuvomera, ndipo Abiti anati asakanize msanga dzuwa lisanawathawe.

Amayi anaumba buledi wachiwiri. Abiti anasamba m'manja, anapempha mpeni, n'kufunsa kuti asisitere aja ankadula motani. Amayi analoza ndi chala m'mwamba, mwamanyazi.

"Bisimila," anatero Abiti.

Anadula kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, kenako mopingasa, mozama kuposa mmene amayi ankadulira, mpaka buledi anatsala pang'ono kugawika panayi. Ine ndinangoti kukamwa yasa. Msilamu, m'mwezi wa Ramazani, kudula mtanda pakhonde pathu.

"Moto umafuna polowera, amake Felista," anatero akupukuta mpeni. "Wadula ndine, wofunsa abwere kwa ine. Za Mulungu tikakambirana kumjigo."

Ndinawakumbutsa za kubaya m'zigawo. Anabaya monse munayi, akuti tinthu ta azunguto tituluke, asadye nato limodzi. Buledi ali pamoto ndinakhala pafupi ndi mphika maso ali pachivindikiro, koma chimene ndinaona ndi nthunzi yokha. Ndinakhumudwa ndithu.

Atavundukula, mtanda uja unali utatseguka, m'mphepete mwake tchizi chitasungunuka n'kuuma mofiirira. Amayi anagogoda kunsi, buledi n'kulira ngati ng'oma. Anatsitsa mbale pakabati, anaikamo buledi akadali wotentha, ndipo ndinawoloka naye bwalo nthawi imene kumzikiti ankaitana anthu kuti amasule. Amuna awo a Abiti anamunyema ndi manja motsata mizere ya mpeni ija. Anadya ndi tiyi, anayamba atanunkhiza mokayika, kenako anafunsa ngati watsala wina. Abiti anabweza chigawo chimodzi m'mbale momwemo, ati sizingatheke ophika kugona osalawa. Motero mbale imene tinavutika nayo kubweza inabwereranso kwathu madzulo omwewo.

M'mawa mwake kunja kusanatenthe tinamva mawu aja opambana sitima. "Amake Felista, ajimwiche uli? Tengani ndowa tizipita." Amayi anatuluka akumanga chitenje, moni wa Chiyao akuyankha molakwitsa, Abiti akuwaseka. Kuyambira pamenepo mbale ija inkangowoloka bwalo, lero futali, mawa chigumu, mpaka tinaiwala kuti mwini wake ndani. Ndipo amayi, munthu wa kolona m'thumba, moyo wawo wonse ankati akatenga mpeni kuti adule mtanda pa buledi ankayamba ndi Bisimila. Mng'ono wanga amene anabadwa pambuyo pake anakula akuganiza kuti mawuwo anachokera ku Ireland.

Lero ndimakhala ku Balaka. Ndili ndi uvuni wamagetsi, tchizi chimapezeka m'sitolo, ndipo ana anga akafuna kudziwa chimene soda amachita ndi chambiko amafunsa foni m'malo moika khutu pakapu. Madzi ali pampopi m'nyumba, choncho kulibe mzere wa kumjigo woti munthu akaimepo yekha kapena ndi anzake. Nyumba zathu zili m'mipanda ya njerwa. Mnansi wanga ndimadziwa galimoto lake, koma chimene amadya sindichidziwa, ndipo palibe mbale imene inadumphapo mpandawo.

Amayi atamwalira, Abiti anabwera kumaliro atakalamba, akuyenda ndi ndodo, mbale ija ili m'nsalu. Munali futali. Anandipatsa m'manja n'kunena kuti amayi ndiwo anatumiza komaliza, tsopano mbale ili kwa ine. Ndiye mwezi wa Ramazani ukafika ndimaphika buledi uja n'kupita naye ku Nkaya. Abiti maso anasiya kuona, mano atsala owerengeka, buledi amachita kumuviika mu tiyi. Koma asanadye amayamba ayendetsa chala pamwamba pake kufunafuna mizere ija. Ulendo wapitawu anaipeza, anaitsata mpaka kumapeto, kenako anapukusa mutu.

"Wapolisi," anatero, "ukudula mwamantha ngati amako. Uzizamitsa mpeni."