Tchuthi cha Ortansa m'Mapiri a Făgăraș

Ortansa Dobrin anagulitsa matikiti pa siteshoni ya sitima ku Pitești kwa zaka makumi atatu ndi zitatu. Kachipinda kake kanali koti akatambasula manja ankakhudza makoma onse awiri. Anthu a mumzindawo ankamudziwa kuyambira pachifuwa kupita m'mwamba basi, moti ena akakumana naye kumsika ankadabwa kuti kodi ndi wamtali chonchi. Sanali wolusa, komanso sanali wosekaseka. Munthu akafunsa funso lomwelo katatu, iye ankayankha katatu, mawu osakwera.

Kunyumba nakonso kunali kothina. Ankakhala m'nyumba zosanjikizana, pamwamba pachitatu, zipinda ziwiri ndi kabalaza. M'chipinda china munkagona apongozi ake, mayi Aurica, amene anabwera chaka chimene amuna awo anamwalira, akuti angokhala mpaka nyengo yozizira ithe. Inatha, inabweranso ina, ndipo pamene Ortansa ankapuma pa ntchito n'kuti apongoziwo atakhalamo zaka makumi awiri ndi zisanu. Mwana wake yekhayo, Sanda, anakulira pa sofa.

Mwamuna wake, Costel, anali dalaivala wa basi wopuma. Anagula galimoto yogonamo yakale kwa munthu wina amene anabwera nayo kuchokera ku Germany, ndipo anatha zaka ziwiri ali chagada pansi pake, kuseri kwa nyumba. Munali bedi, kachitofu ka gasi, tebulo lopinda ndi kachimbudzi kolowa cham'mbali.

"Julayi uno tinyamuka awiriwiri," ankatero Costel. "Iwe kutsogolo kuno, miyendo mwatambasu, ine ndikuyendetsa. Tikwera mapiri mpaka kunyanja ya Bâlea, titsikira ku Sibiu, kenako kulikonse kumene uloze."

Ortansa ankangoti, "Tiona," koma anagula chipewa cha dzuwa n'kuchiika pamwamba pa kabati.

Lenuța, mlongo wake wa Costel, anali atavomera kusunga mayi awo kwa masabata awiri. Kutatsala masiku anayi anaimba foni kuti msana wamugwira, sakutha ngakhale kuwerama. Mawa lake Sanda anatulukira kuchokera ku Craiova ndi mwana wake wamkazi wa zaka ziwiri, Ilinca. Akuti mwanayo akutsokomola, mpweya wa kumapiri umuthandiza, ndipo mwamuna wake Marius watsala ku ntchito. Motero ananyamuka anthu asanu.

Mpando wakutsogolo anakhalapo mayi Aurica, chifukwa kumbuyo ankachita nseru. Sanda anakhala ndi mwana pafupi ndi zenera lalikulu. Ortansa anatsala ndi kampando koyang'ana kumene akuchokera, pafupi ndi kabati ya mbale imene chitseko chake chinkatseguka pa kona iliyonse. Msewu wa kumapiriko ndi makona okhaokha. Anayenda dzanja limodzi lili pa chitsekocho.

"Costel, ukuyendetsa ngati wanyamula mazira," ankatero mayi Aurica. "Bambo ako ankathamanga kuposa apa pa ngolo ya kavalo."

"Bambo anagubuduza ngolo kawiri, amayi."

"Koma ankafika kukadali kowala."

Nthawi zina Costel ankakuwa kuti, "Ortansa, taona mathithi awo," koma pamene iye ankatembenuza khosi n'kuti atapita. Zimene ankaona ndi msewu umene adutsa kale ndi nkhope za anthu a m'galimoto zakumbuyo, okwiya chifukwa cha kuchedwa. Akaima, enawo ankatuluka kukajambula zithunzi, iye n'kuyatsa chitofu. Apongozi sankadya za m'malesitilanti, mwana ankafuna phala, Costel ankafuna khofi. Akamaliza kutsuka m'kabeseni kosakwana mbale ziwiri, Costel anali ataliza kale injini.

Tsiku lachitatu, atadutsa nyanja ya Vidraru, mvula inayamba. Inali mvula ya kumapiri, yogwa ngati akukhuthula ndowa. Cha m'ma 2 koloko masana galimoto zakutsogolo zinaima. Costel anatuluka ndi ambulera, ndipo anabwerako atanyowa mpaka m'mawondo, maso akuwala ngati wamva nkhani yabwino.

"Phiri lagumuka. Miyala ina ndi yaikulu ngati galimoto yathuyi. Ndawauza anzathuwo kuti tibwerere chafutambuyo mpaka pokhotera, mmodzimmodzi, ine ndiziwatsogolera."

Anabwereradi pang'ono, koma kumbuyo nakonso anapeza mtsinje utasefukira, utagwetsa mitengo ya paini pamsewu. Galimoto khumi ndi imodzi zinatsekeredwa pakati, kumanzere khoma la mwala, kumanja phompho. Mafoni onse analira nthawi imodzi ndi uthenga woti makina abwera mvula ikaleka, ndipo aliyense akhale m'galimoto mwake chifukwa m'deralo muli zimbalangondo.

"Zimbalangondo za kuno n'zaulesi," anatero Costel. "Zinazolowera kupempha buledi m'mbali mwa msewu. Sizingabwere m'mvula."

Chinabwera madzulo omwewo, chachikazi, ndi ana ake awiri. Chinayenda pang'onopang'ono kutsata mzere wa galimoto, kununkhiza chitseko chilichonse, n'kudzakhala pansi pafupi ndi yawo. Ortansa anali atangokazinga soseji.

"Wachiitana ndiwe," anatero mayi Aurica. "Ine ndinanena kuti tidye tchizi ndi tomato."

"Munati mukufuna chotentha, amayi."

"Chotentha ndinati, osati chonunkhira phiri lonse."

Anatseka mazenera onse. Mkatimo munayamba kutuluka thukuta m'makoma, zovala zonyowa zili zolendewera paliponse, fungo la gasi, la mafuta okazingira ndi la matewera. Ilinca ankafuna kutsika kuti akagwire "agalu". Atamukaniza analira mpaka mawu kusasa. Kuti munthu mmodzi adutse, awiri ankayenera kukhala pansi. Mayi Aurica ankapita kuchimbudzi kawirikawiri, ndipo ulendo uliwonse Ortansa ndiye ankawagwira mkono, kuwatembenuza, n'kuima pakhomo kudikira.

Kutacha mvula inali ikugwabe. Chimbalangondo chinkapita n'kubwera. Munthu wina wa m'galimoto yofiira anachiponyera chikwama cha mabisiketi, ndiye chinaona kuti malowo ndi abwino. Costel ankatsegula wailesi, kutseka, kutsegulanso. Sanda ankangotembenuza foni m'manja.

Masana Ortansa ankadula tomato pa tebulo lopinda lija. Anamva Costel akutsokomola mwadala, ndipo atadzutsa maso anaona akukodola Sanda ndi chibwano.

"Amayi," anatero Sanda, "pali nkhani."

"Ndikumva."

"Marius wapeza ntchito ku Spain, ku Castellón, kufakitale ya matailosi. Inenso andilonjeza malo. Tiyamba mu Seputembala."

"Chabwino. Mwanayu azikalankhula Chisipanishi."

Sanda anayang'ana bambo ake. Costel anayang'ana chiwongolero.

"Kumeneko tizikakhala m'chipinda chimodzi ndi banja lina, amayi. Tizikagwira ntchito mosinthana, wina usana wina usiku. Timaganiza kuti Ilinca atsale ndi inu. Mpaka chisanu chithe basi, tikangokhazikika tidzamutenga."

Ortansa anamaliza tomato amene anali m'manja, n'kutenga wina.

"Costel, iwe umadziwa?"

"Anandiuza mu Meyi. Ndinati tidikire upume kaye, uone mapiri, mtima ukhale pansi."

"Inu amayi?"

"Ine ndi wogontha khutu limodzi lokha," anatero mayi Aurica.

"Ndiye chifuwa cha mwanayu?"

"Anatsokomoladi," anatero Sanda motsitsa mawu. "Sabata yatha."

Ortansa anaika mpeni pansi, n'kupukuta manja pa epuloni. Anapita pachitseko n'kugwira chotsegulira. Pagalasi anaona msana wa chimbalangondo, ubweya wonyowa, mapazi atatu kuchokera pa sitepe. Anaima pamenepo kwa kanthawi. Kenako anatembenuka, anadutsa cham'mbali pakati pa mwana wake ndi tebulo, analowa m'kachimbudzi kaja n'kukhoma.

Anakhala pa chivundikiro, mawondo atagunda chitseko. Sanalire. Ankamva zonse, chifukwa khomalo linali lopyapyala ngati katoni. Anamva Sanda akunong'ona kuti, "Ndinakuuzani kuti tiwauzire kunyumba," Costel n'kuyankha kuti, "Kunyumba akanatuluka n'kupita kwa anzake, tikanalankhula ndi ndani?" Anayamba kuwerenga zaka. Iye anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza chimodzi. Apongozi anali ndi makumi asanu ndi atatu kudza zisanu ndi chimodzi, ndipo mayi owabereka anafika zaka zana. Mwanayo sukulu adzayamba pakapita zaka zinayi. Pamwamba pachitatu, popanda chikepe, ngolo ya mwana kudzanja lino, nkhalamba kudzanja linalo.

Patapita pafupifupi ola, kunamveka kugogoda kwa ndodo ya mayi Aurica.

"Ortansa, tuluka. Ine chikhodzodzo changa sichidziwa za ku Spain."

Mayi Aurica anagogodanso.

"Ukuganiza kuti ine ndimakondwa? Ndinali ndi nyumba yanga, mitengo ya maula khumi ndi iwiri, ndi chitsime. Anandigulitsira ana angawa kuti ndisamavutike. Zaka zonsezi ndimayang'ana malo oimika galimoto pazenera lako." Anapuma kaye. "Ukakana, kana. Ine ndikuchitira umboni kuti watopa. Koma tsegula."

Ortansa anatsegula. Anawagwira mkono, kuwatembenuza monga mwa nthawi zonse, n'kuima pakhomo. Sanda anayamba kunena kuti, "Amayi, ngati simungathe," koma iye anakweza dzanja.

"Usandifunse ndili muno. Muno munthu sangakane chilichonse."

Madzulo Ortansa anayatsanso chitofu. Anaphika supu ya mbatata ndi madzi otsala, anasambitsa mwana ndi kansalu, anapinda tebulo kuti likhale bedi. Costel anayesa nthabwala imodzi, yokhudza apolisi ndi chimbalangondo, koma anaisiyira pakati.

M'mawa wa tsiku lachisanu mvula inaleka. Kunabwera amuna ovala majekete owala, anawomba mfuti m'mwamba, chimbalangondo n'kutsetsereka ndi ana ake kunkhalango. Makina anakankhira miyala kuphompho, ndipo cha m'ma 11 koloko mzere unayamba kuyenda. Pamwamba pa phiri panali chifunga chokhachokha. Nyanja ya Bâlea sanaione, anangoona chikwangwani chake ndi anthu ogulitsa chimanga chophika.

Atatsikira kuseri, pa mudzi wa Cârțișoara, Costel anaima kuti athire madzi m'thanki. Ortansa anavula epuloni, anatsika, n'kuyamba kuyenda. Palibe amene anamuitana. Anadutsa tchalitchi, anadutsa nyumba yomaliza, analowa kanjira ka pakati pa minda ya udzu woweta. Miyendo inali yolimba ngati si yake. Kunali dzuwa, udzu ukufuka nthunzi, ndipo kutali munthu wina ankatembenuza udzu ndi foloko. Anayenda mwina mphindi makumi anayi, osaganiza kanthu. Atapisa dzanja m'thumba la siketi kufuna kansalu kopukutira thukuta, anapeza kabokosi ka mapiritsi a apongozi, a mtima, oyenera kumwa 2 koloko. Anayang'ana wotchi. Anakhala pa mwala mphindi zisanu, n'kubwerera.

Anawapeza onse ali panja, atakhala pa udzu. Anapereka mapiritsiwo, anadikira kuti amezedwe, kenako analankhula ali chiimire.

"Mwanayu ndimusunga. Koma amayi azipita kwa Lenuța mwezi umodzi pa miyezi itatu iliyonse, msana kapena ayi. Ukamuuze ndiwe, Costel, popeza ndi mlongo wako. Ndipo ngolo ya mwana pa masitepe uzinyamula iwe."

"Ndithu," anatero Costel msangamsanga. "Zimenezo n'zosavuta."

Sanda anamukumbatira akulira. Ortansa anamusisita pamsana kawiri n'kumuuza kuti akasinthe mwana thewera.

Ku Sibiu anagonako usiku umodzi, n'kubwerera kwawo kudzera msewu wa m'chigwa, chifukwa mayi Aurica anati mapiri awaona okwanira. Ulendo wa masabata awiri unatha pa tsiku lachisanu ndi chimodzi.

Sanda ndi Marius ananyamuka pa basi kumayambiriro kwa Seputembala. Lenuța anatengadi mayi ake mu Novembala, anakhala nawo masiku khumi ndi asanu ndi awiri, n'kuwabweza pa takisi ndi chikwama chawo, akuti samvana pa nkhani ya mchere. Sanawatengenso. Costel ananyamula ngolo ya mwana mokhulupirika mpaka bondo linamuvuta, koma pofika nthawiyo Ilinca ankakwera yekha masitepe, akuwerenga mokweza.

Tsopano Ilinca ali ndi zaka zisanu. Makolo ake amabwera mu Ogasiti ndi pa Khirisimasi, ndipo chaka chino akuti apeza nyumba ya zipinda ziwiri, angotsala kusaina. Galimoto ija Costel anaigulitsa kwa mnyamata wina wa ku Brașov amene ankafuna kupita nayo ku Greece ndi chibwenzi chake. Tsiku lodzaitenga, Ortansa anatsika ndi chingwe cha labala, n'kumusonyeza mtsikanayo mmene angamangire chitseko cha kabati ya mbale kuti asamachigwire ndi dzanja.