Chithunzi cha Basela

Ndikukumbukira fungo la chikwama cha bambo: chikopa chakale, thukuta ndi fumbi la misewu ya ku Mponela. M'chikwamamo munkagona kamera ya ku Japani, yakuda, yolemera ngati mwala wonolera mpeni, yokulungidwa m'kansalu koyera komwe mayi ankachapa Loweruka lililonse. Ana tinkaloledwa kuiona ndi maso okha. Achimwene anga a Yohane anaigwirapo tsiku lina, ndipo mpaka lero akamakamba nkhaniyo amasisita khutu.

Bambo anali wojambula zithunzi. Ankalawira m'mamawa pa njinga, chikwama chili m'khosi, n'kumazungulira m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'maukwati. Kamera yawoyo ankaitama kuposa mmene ankatitamira ife. Ankati kampani yomwe inaipanga inayamba ndi magalasi oonera tizilombo m'zipatala, makamera n'kubwera pambuyo, ndiye diso loona kachilombo silingaphonye chipsera cha munthu. Ine ndinkayesa nkhambakamwa chabe. Koma nditayamba ntchito ya unamwino kuno ku Perth, kutsidya la nyanja, ndinapeza dzina la kampani yomwe ija litalembedwa pa makina oyang'anira m'mimba mwa odwala. Ndinaima pamenepo kukamwa kuli yasa, anzanga n'kumandifunsa ngati ndili bwino.

Filimu imodzi inkatulutsa zithunzi 36, ndipo zonsezo zinali za eni ake. Koma bambo anali ndi luso lawolawo. Poika filimu yatsopano ankafunda bulangeti masanasana, thukuta lili kamukamu, manja okha akugwira ntchito mumdima, kuti kansonga koyambirira kasapse ndi kuwala. Akatero filimuyo inkabereka chithunzi chimodzi choonjezera kumapeto. Chimenecho ankachitcha cha basela, ndipo chinali cha pakhomo. Tinkalandirana: ulendo uno mayi, wotsatira a Yohane ndi mpira wawo wachikulunga, kenako ine. Zikabwera kuchokera kotsukitsa ku Lilongwe, zinkakhala zofiirira mbali imodzi ngati chigumu chopserera m'mphepete, koma ife tinalibe nazo kanthu zimenezo.

Lamulo la ntchito yawo linali limodzi, ndipo sankaliphwanya ngakhale kwa mkwatibwi: dzuwa likhale kumsana kwa wojambula, kumaso kwa wojambulidwa. N'chifukwa chake mukaona zithunzi za anthu a kwathu za nthawi imeneyo, onse ali chitsinzinire ngati alawa bwemba.

Chaka chomwe ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, mayi anayambitsa nkhani.

"Bambo a Yohane, mwajambula dziko lonse, ndi mbuzi za eni ake zomwe. Nanga inuyo nkhope yanu ili pati? Basela wa ulendo uno ndi wanu."

"Wometa sadzimeta," anatero bambo akuseka.

"Ndikumetani ndine," anayankha mayi.

Sabata yonseyo bambo ankaphunzitsa mayi poika diso ndi podina. Mayi ankagwira kamera ngati khanda la mnzawo, mpweya ataugwira. Filimu inatha Lamlungu. Mayi anasita jekete la bambo ndi simbi yamakala, anapukuta chipewa chawo, ndipo madzulo dzuwa litapendeka bambo anakaima pakhoma la nyumba, chilili ngati msilikali.

Vuto linali lakuti, mwa kalandiranidwe kathu, basela ameneyo anali wanga. Komanso tsikulo ndinali nditavala diresi lachikasu lomwe azakhali anandibweretsera, ndi nsapato zanga zoyamba. Ndinali nditawauza kale anzanga onse kuti ndijambulidwa. Nditaona mayi akukweza kamera kuloza bambo, ndinadzigwetsa pansi. Ndinalira kulira kwa nkhumba yopita kumsika, kugubuduka m'fumbi ndi diresi lomwelo, mpaka anthu oyandikana nafe anasuzumira pampanda. Ndinali mwana wamakani, ndipo sindibisa, makaniwo sanandithere.

Mayi anathyola kamtengo. Bambo anachoka pakhoma paja n'kuwagwira dzanja.

"Musiyeni mwana, mayi a Yohane. Diresi limachepa, koma nkhope yangayi sikupita kulikonse. Ine ndidzajambulitsa basela wotsatira."

Anandidzutsa, kundisasa fumbi, kundiimika pomwe anaima iwo paja. Kenako analandira kamera kwa mayi n'kubwerera m'mbuyo, dzuwa kumsana, zigongono atazitambasula monga ankachitira nthawi zonse.

"Pukutani mamina, amayi anga. Tayang'anani kuno."

Kamera inalira kamodzi, khetye, ndipo ine ndinakondwa kuti ndapambana.

Basela wotsatira sanafike. Filimu yatsopano ili pakati, bambo anadwala mutu masiku anayi, ndipo lachisanu lake anatisiya. Pamaliro panadzaza anthu ochokera kutali, aliyense akunena za chithunzi chomwe bambo anamujambula. M'nyumba zonse za m'deralo munali ntchito ya manja awo, koma nkhope yawo munalibe m'nyumba ndi imodzi yomwe, ngakhale mwathu. Mayi sanandinenepo mawu olasa, ngakhale tsiku limodzi. Chithunzi cha diresi lachikasu chija chitabwera kuchokera ku Lilongwe ndinakana kuchiona, ndipo iwo anangochiika pansi pa sutikesi yawo.

Nkhope ya munthu imafufutika pang'onopang'ono, mwini wake osazindikira. Manja a bambo ndimawakumbukira bwino, chikhadabo chakuda cha chala chachikulu, ndevu zobaya akandinyamula. Koma ndikati ndiwayang'ane kumaso, ndimangoona kamera itaphimba. Choncho ndinkadalira mayi. Nditabwera kuno ndinkawafunsa pa foni kuti mphuno ya bambo inali yotani, iwo n'kumaseka. Ankati chipumi ndi cha a Yohane, makutu ndi a mwana wanga Tadala, kaseka ndi kanga. Ankawalumikiza chotero, chidutswachidutswa, ndipo kwa kanthawi ndinkawaonadi.

Kenako kunabwera mliri wa korona. Mayi anadwala nyengo yozizira, ndipo sabata isanathe anapita. Malire a kuno anali otseka, moti ndikanatuluka sindikanadziwa tsiku lobwerera kwa mwana wanga. Maliro a mayi anga ndinawaonera pa foni, a Yohane ataigwira m'mwamba, chithunzi chikuduka nthawi ndi nthawi. Amayi a kutchalitchi kwathu kuno ku Perth anabwera kunyumba kwanga ku Ellenbrook kudzakhala nane monga timachitira kwathu. Anayala zitenje pansi, anaimba, anaika chithunzi cha mayi patebulo. Sitinavutike kuchipeza, m'foni mwanga zinalimo zambirimbiri.

Nyimbo ili mkati, Tadala anandikoka chitenje. Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, ndipo m'Chingerezi momwemo anandifunsa kuti bwanji agogo aakazi ali okha patebulopo, cha agogo aamuna chili kuti. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ndinadzuka n'kukalowa kukhitchini, ndipo kumeneko ndinalira maliro awiri. Munthu yekhayo amene ankandisungira nkhope ya bambo anali atapita nayo.

Patapita milungu ingapo a Yohane anatsegula sutikesi ya mayi, n'kunditumizira pa foni zomwe anapezamo. Uthengawo unandipeza nditaweruka ntchito masana, ndili m'galimoto panja pa chipatala, masiki ili pachibwano. Ndinakaona kamtsikana kaja: diresi lachikasu lothimbirira ndi fumbi, maso otupa, kali chitsinzinire, kakumwetulira mopanda manyazi. Ndinatsala pang'ono kutseka. Kenako ndinayang'ana pansi pa chithunzicho. Kuchokera m'mphepete, chithunzithunzi chachitali chinali chitagona pabwalo mpaka kukhudza nsapato zanga. Chipewa. Zigongono zotambasula. Mapewa a jekete lomwe mayi anasita.

Ndinaimbira a Yohane foni pomwepo.

"Achimwene, mwawaona?"

"Ndawaona, mlongo," anatero a Yohane. "Alimo m'zithunzi za basela zonse. Za eni ake ankajambula dzuwa likadali m'mwamba. Zathuzi ankajambula ataweruka, litapendeka."

Masiku ano chithunzi sichisowa. Tadala amadzijambula kakhumi asanamwe tiyi, n'kufufuta zisanu ndi zinayi, ndipo mawu oti basela sawadziwa n'komwe. Sindimudzudzula. Koma tikasonkhana ndi anzathu, ine ndi amene ndimavuta: ndimalanda foni kwa amene akujambula, kumukankhira pakati pa gulu, ndipo akati adzajambulitsa tsiku lina sindimva.

Chithunzi chija ndinachitsukitsa, chili pakhoma pabalaza. Alendo amayang'ana kamtsikanako n'kumati ndinali wokongola, koma Tadala amawalozera pansi, pafumbi, kuti agogo ake ndi awo. Bambo ananena zinthu ziwiri madzulo aja, ndipo chimodzi chinali choona. Diresi lija linandichepa Khirisimasi isanafike.