Mapempho Ofiira a Bambo Chidindo

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu, mkulu wa ofesi yopereka ziphaso za malonda ankalamulira ali kuseri kwa chitseko chotseka. Anthu ankangowatcha a Chidindo. Fayilo ikalowa m'chipinda mwawo, panalibe wofunsa tsiku limene idzatuluke, ndipo kusafunsako iwo ankakuyesa ulemu.

Boma litalamula kuti mapempho onse azidzera pa kompyuta, a Chidindo sanatsutse. Anangouza mlembi wawo, mayi amene anali atagwira nawo ntchito zaka khumi, kuti pempho lililonse azilisindikiza papepala. Iwo ankaliwerenga mosamala, kulisaina, kulidinda, n'kuliika m'kabati. Kwa iwo ntchito inkathera pomwepo, chonsecho makina ankadikirabe kuti a Chidindo eni ake alowe ndi nambala yawo yachinsinsi n'kuvomereza. Mlembi anawauza kawiri. Kachiwiriko anamuyankha kuti, "Mayi, ine ndinayamba kusaina inu mukuphunzira a, e, i."

Patapita miyezi itatu, akulikulu anaitanitsa msonkhano wa pakanema. Antchito asanu ndi awiri anapanikizana patsogolo pa kompyuta imodzi. Woyang'anira maofesi onse, mayi wosadziwa kuzungulira polankhula, anaonetsa mndandanda wa mapempho 143 osayankhidwa, onse olembedwa mofiira.

"Anthu awa atsekeredwa mashopu chifukwa alibe ziphaso," anatero woyang'anirayo. "Makina akusonyeza kuti amene anatsegula mapempho onsewa n'kuwasiya ndi mlembi. Kalata yomuimitsa ntchito ndalemba kale. Bambo, muli ndi mawu?"

Mlembi anazolika. A Chidindo ankaudziwa bwino mwambo wa m'maofesi, wakuti denga likadontha amanyowa ndi wapansi. Kungokhala chete kukanawapulumutsa. Anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso.

"Mayiwa alibe mlandu. Mapepala onse ali m'kabati mwanga, odindidwa bwinobwino. Povomerezera pa makinapa sindipadziwa. Anandiuza, ine n'kuwakalipira."

Kalaliki wina anatsokomola popanda chifuwa.

"Ndiye pakalatapa ndisinthe dzina?" anafunsa woyang'anira.

"Musinthe. Koma mundipatse mpaka Lachisanu."

"Lachinayi."

Msonkhano utatha, a Chidindo anakoka okha mpando wawo wachikopa n'kukauika pambali pa tebulo la mlembi, polowera pomwe aliyense ankadutsa.

"Tiyambire pati, mayi?"

"Pa nambala yanu yachinsinsi, bwana."

"Ili mu envelopu. Sindinaitsegule."

"Ndiye mwaisunga ndithu, mpaka kudzibisira nokha," anatero mlembi, akuwapatsa lumo.

Anagwira ntchitoyo masiku atatu, akulemba ndi chala chimodzi, mlembi akuwabweza akasochera, amalonda akuwaonera pa zenera. Lachinayi masana pempho lomaliza linavomerezedwa. Kalata yochokera kulikulu inabwerabe, ili yowachenjeza ndiponso ili m'dzina lawo. Mlembi sanachotsedwe.