Fulashi Yomwe Ndinaisiya pa Depoti

Lolemba ndinasiya fulashi, kachipangizo kosungira za pa kompyuta kaja, pa tebulo la wogulitsa wina pafupi ndi depoti ya pa Boma, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono ngati munthu woti alibe nayo ntchito. Njira imeneyi nonse mukuidziwa. Umatchula mtengo wako, wogulitsa n'kukana, iwe n'kutembenuka. Usanadutse matebulo atatu umamva kumbuyo akukuitana kuti ubwerere udzatenge.

Ndinadutsa matebulo atatu. Ndinadutsa asanu. Ndinakafika mpaka poima makabaza, khutu lili kumbuyo. Nditacheuka ndinapeza mkulu uja akukukuta chimanga chootcha, wandiiwala kalekale.

Kubwerera? Ine? Munthu woti amayi ogulitsa kachewere pa Nsipe akandiona ndikubwera amayamba kukodolana? Ndinakwera minibasi wopanda fulashi, ndikudziuza kuti waluza ndi iyeyo.

Ndikuuzeni chomwe ndinkaifunira. Ndili ndi laputopu yomwe alamu anga anabwera nayo kuchokera ku Joni. Inakalamba. Ukaiyatsa umatha kupita kukasamba n'kubwerako isanadzuke, ndipo mavairasi anamangamo mudzi. M'mawa wa Lolemba lomwelo ndinali nditaitengera kwa mayi Ndau, amene amakonza makompyuta ndi mafoni kuseri kwa msika. Ataiona anati makinawo ndi abwinobwino, chowalemera ndi pulogalamu yaikulu ija yomwe imayendetsa zonse. Anati ilipo ina, dzina lake Linux, yomwe anthu a m'mayiko osiyanasiyana amailemba mothandizana n'kuisiya poyera kuti aliyense atenge, asuzumire m'kati mwake, ngakhale kusintha ngati akudziwa. Makina okalamba akuti amatsitsimuka nayo.

Ndinafunsa mtengo, nditakonzeka kale kuudula pakati. Anati ndi yaulere. Ndinangofunsa ngati pali basela, iwo n'kuseka.

Anati akhoza kundiikira ndikawapatsa ya ntchito. Ine ndinati chinthu chaulere sichifunika mmisiri, angondibwereka fulashi yawo yokhala ndi pulogalamuyo, ndikaika ndekha. Anandibwereka, koma sanaitaye msanga m'manja. Anandiuza kuti ndikayambe kuiyesa ikuyendera pa fulashipo, osaiika m'makina, ndione ngati ndaikonda. Kenako anandiyang'ana m'maso.

"Bambo, mugule fulashi ina yanuyanu. Mukopere zanu zonse kaye musanadine kalikonse. Ndati kaye."

Ndiye fulashi yoti ndigule ija ndinaisiya pa depoti.

M'laputopumo munali chiyani? Makalata akale, zithunzi za ukwati wa anthu amene anasiyana kale, ndi mawu a bambo anga.

Bambo anatisiya chaka chatha. Unyamata wawo unathera pansi pa nthaka ku migodi ya ku Joni, ndipo zambiri za kumeneko sankazikamba. Miyezi yawo yomaliza ndi pamene anamasuka. Ndinkapita ku Mlangeni, tinkakhala pakhonde, ine n'kuika foni pa mpando kuwajambula mawu. Anafotokoza za chikepe chotsikira kumgodi, za mnzawo wa kuchigwa amene ankalira akakumbukira munda wake wa mpunga, za nyimbo ya kutchalitchi yomwe ankaimba m'komponi Lamulungu. Koposa zonse anatchula mayina a makolo athu motsatana, ndi mawu achingoni owatamandira, amene ana awo tonse timangowadziwa apa ndi apo. Foni ija ndinaisinthanitsa ndi ina nditapeza mwayi wabwino. Mawuwo anatsala malo amodzi okha.

Loweruka lino tikuvundukula chiliza chawo. Achemwali anga a Esnati anakonza kale sipika yoti bambo akatchule okha mayina aja pamaso pa abale. Zonsezi ndinkazidziwa pamene ndinkadutsa tebulo lachisanu lija.

Lachiwiri m'mawa ndinalowetsa fulashi ya mayi Ndau. Abale anga, nkhalamba ija inadzuka ngati yamva kuti kwafika alendo. Kudina apa chatseguka, kudina apo chatseguka. Cholembera makalata chilimo, cha intaneti chilimo, choimbira nyimbo chilimo, ndipo palibe amene akundipempha kalikonse. Kuyesa komwe anandiuza kuja sikunathe ndi kapu ya tiyi. Ndinadina poti iikidwe.

Inandifunsa mwaulemu ndithu. Kodi igawane malo ndi pulogalamu yakale ija, kapena itenge malo onse?

Theka? Ine sindinatengepo theka la chinthu pamene chathunthu chili pa mtengo womwewo. Ndinasankha onse.

Apo panatuluka chenjezo pa sikirini, m'Chingelezi chosavuta, loti zonse zomwe zili m'makinamo zifufutidwa. Musaganize kuti sindinawerenge. Ndinawerenga, ndinamva. Koma ine ndakulira pa msewu, ndipo moyo wanga wonse ndakhala ndikumva machenjezo. Katundu watsala yemweyu. Wina wangochoka kumene kukatenga ndalama. Mawa zikwera. Khutu langa linaphunzira kuti chenjezo ndi poyambira kukambirana, kuti amene akukuopsa ali ndi mawu ena omaliza amene wasunga. Mumtima ndinati zonse sizingakhale zonse, penapake pasiyidwa kangodya.

Makina sanenerera. Akati zonse, ndi zonse.

Lachitatu lonse ndinali pa chikondwerero. Ndinatsitsa mapulogalamu ena aulere, ofunika ndi osafunika omwe, poti basela sakanidwa. Ndinaitana ngakhale aneba kuti adzaone. Lachinayi m'mawa a Esnati anaimba foni kundikumbutsa kuti ndiwatumizire mawu aja ayeseretu pa sipika. Ndinati adikire pang'ono. Ndinatsegula posungira nyimbo, mbee. Posungira zithunzi, mbee. Nyumba yosesedwa bwino, yopanda ndi mpando womwe.

Ndinathamangira kwa mayi Ndau. Sananene kuti anandiuza, ndipo kusanena kwawoko kunandipweteka kuposa kunyozedwa. Anangofunsa ngati ndinazimitsa makinawo nditangozindikira, ndiponso ngati ndinaikamo zina. Nditawafotokozera za Lachitatu, anagwira kumutu. Akuti chofufutidwa sichichokeratu nthawi yomweyo, chimakhala pansi mpaka china chitachikhalira pamwamba. Basela wanga yense uja ndinkamuunjika pa mawu a bambo anga.

Pulogalamuyo ndilibe nayo mlandu, ndipo amene muli ndi makina otopa musaiope chifukwa cha ine. Inandilola kuiyesa osataya kanthu. Inandipatsa njira yogawana malo. Inandichenjeza. Ndi wogulitsa uti anandichitirapo zonsezi? Cholakwa chinakhala pa mpando, chitavala malaya anga.

Komatu sindili ndekha. Tangoganizani zomwe zili m'foni yanu pompano. Chithunzi chokhacho cha mayi anu ali bwinobwino. Mawu a mwana akuphunzira kuyankhula. Makolo athu zithunzi ankaziika m'sutukesi ya chitsulo pansi pa bedi, ndipo chithunzi cha bambo atavala chisoti cha kumgodi chidakalipo mpaka lero, mbewa zinangodya m'mphepete. Ife zathu tinazisonkhanitsa m'kachinthu kamodzi kamene timakwera nako kabaza mvula ikugwa, n'kumakabwereketsa kwa aliyense wofuna kuimba. Tikauzidwa kuti tikopere pena, timati mawa. Tikaona mawu ambiri pa sikirini, chala chimathamangira pa batani lovomera ngati tikuthamangitsa ntchentche. Ndi angati mwa ife amene tinaimapo n'kufunsa kuti kodi ndikuvomera chiyani?

Mayi Ndau anagona nayo laputopuyo kwawo, akuisefa ndi pulogalamu ina yofukula zotayika, yaulerenso. Lachisanu anandiitana. Zithunzi zina zinabwerera, zopanda mayina, zambiri za ukwati uja. Pa mawu a bambo panapezeka kachidutswa kamodzi. Anandipatsa zomvera m'makutu, iwo n'kutuluka panja ngati akukaona nyengo.

Kachidutswako kakuyamba ndi nkhuku ikulira chapatali. Kenako bambo akufunsa ngati ndayatsa kale kachinthu kanga. Ndiyeno kwa nthawi yaitali mukumveka mawu a munthu mmodzi, ineyo, ndikuwafotokozera momwe ndinagwetsera mtengo wa foniyo mpaka wogulitsa anatsala pang'ono kulira. Bambo akuseka, akutsokomola, akusekanso.

"Chabwino, mwana wanga, wapambana. Tiye tiyambe. Agogo awo a agogo ako dzina lawo anali..."

Pathera pomwepo.

Ndinawaimbira a Esnati n'kuwauza zonse, osachotsera. Ndinaika foni pa sipika ya laputopu kuti amve okha. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati ndibwerezenso. Ndinabwereza.

"Kuseka kwake ndi komweko," anatero. "Mubwere nako Loweruka. Koma komwe kwapita mayinawo mukafotokoza nokha, achimwene, mutaimirira."

Ndikaimirira. Ndikapemphanso achikulire amene adzakhalepo kuti aliyense atchule dzina lomwe akulikumbukira, mwina tingalumikize theka. Theka lomwe lija ndinalikana Lachiwiri.

Pochoka kwa mayi Ndau ndinadzera pa depoti. Mkulu uja anali pomwepo, fulashi ija ili pamalo pake, fumbi lokha litawonjezekera. Ananditchulira mtengo womwe uja wa Lolemba, n'kukhala tcheru kudikira nkhondo. Ndinapisa m'thumba n'kumupatsa osanenerera. Anayang'ana ndalamazo, n'kundiyang'ana ine, n'kufunsa ngati kunyumba kuli bwino.

Fulashiyo ndi yaikulu, akuti ingasunge nyimbo zoti munthu n'kumvera mwezi wathunthu. Muli kachidutswa kamodzi. Inuyo zanu zili malo angati?