Azakhali Akwecha Miphika Yanga ya Maluwa

Mwaswera abale? Ine kuno zanga zada.

Miphika ya maluwa ndinagula pakaunjika ija ndinaipaka penti wosakaniza ndi soda, n'kuipakanso dothi kuti izioneka yakalekale. Madamu ena ogula a ku Sandton, kuno ku Joni, amaifuna yotero, ndipo ndiyenera kukapereka mawa.

Lero pochokera kuntchito ndapeza azakhali, omwe anafika dzana kuchokera kumudzi aja, aipala yonse ndi mpeni n'kuikwecha ndi sopo. Yangoti mbee pawindo! Zala zawo zachita kusupuka. Akuti, "Mwanawe, Joni yakuphunzitsa uve. Ukanachita manyazi alendo atabwera."

Ndangoti zikomo azakhali, n'kukalirira kubafa. Ngakhale nditayambiranso, singaume pofika mawa.

Ndiwauze zoona, kapena ndiwasiye azisangalala? Panopa akufunsa ngati ilipo ina.