Njinga ya Agogo ya Matayala Atatu

Tsiku limene ndinatsimikiza zopita ku Amereka ndinali nditakhala pachinjinga chamoto cha malemu agogo, kuseri kwa nyumba yathu ku Thyolo. Chinali cha matayala atatu, awiri kutsogolo, ndipo nkhuku zinkaikiramo. Ndinkachita nacho manyazi.

Ku Rockville ndinapeza ntchito yosamalira a Walter, nkhalamba yokonda njinga zamoto zakale za ku Mangalande kuposa ana ake. Chichewa ndinkachilankhula pafoni basi, podziwitsa kwathu kuti ndatumiza ndalama. Ndinkasungulumwa koopsa, mpaka ndinayamba kuvundukula mabuku a njinga a nkhalambayo. Akuti ena ankangopanga njinga zochepa m'kashedi, kampani n'kugwa, dzina n'kuiwalika. Tsiku lina ndikutsegula tsamba, aa! Chofanana ndi chinjinga chathu chija!

Nditawauza a Walter kuti kwathu chilipo chotere, anati: "Pamakhala kachitsulo kamkuwa kolembedwa dzina la wopanga. Ukandiwerengere, Esinati, ndisanafe."

Ndinaimbira bambo. "Njinga ija ilipo?"

"Ilipo, mwanawe. Ikugwira ntchito."

Ntchito yanji, chinthu chosalira chibadwire ine? Chithunzi sanatumize, foni yawo ndi yamabatani. Funsolo linandidya zaka ziwiri, a Walter akunka nafooka.

Nditapita kwathu patchuthi, kuseri kwa nyumba ndinapeza udzu wokhawokha. Bambo anandiyendetsa m'mudzi. Gudumu limodzi likukoka chingwe pachitsime, awiri ali pangolo yonyamulira odwala. Thanki ya petulo ija ikuthirira mpiru kudimba. Ndinagwira pakamwa.

"Nanga kachitsulo ka dzina, bambo?"

Ananditengera kumanda. Kanali pamtanda wa agogo. Bambo anakapala mpaka dzina la mzungu linafufutika, n'kulembapo la agogo pogogoda ndi msomali. Ndinakwiya, kunena zoona, ndipo ndinawauza.

"Wopangayo anaigwira mwezi umodzi," anatero bambo. "Agogo ako anaikonza zaka makumi atatu, kuyambira ali makaniko wa mzungu wa kuesiteti ya tiyi. Sipeya kunalibe, ankasula okha. Ndiye ukufuna dzina la ndani?"

Ndinaimbira a Walter ndili panjira yochokera kumandako. Anati cholembera chili m'manja, buku lija ndi lotsegula.

"Werenga pang'onopang'ono," anatero.

Ndinapukuta misozi, n'kuwawerengera chilembo chimodzichimodzi: Jailosi Nampinga.