Dooko la Amayi Clotilda

Masiku ano pamaliro aliyense amasanduka woyera. Ngakhale amene ankaba mbuzi za anzake amatchedwa mzati wa mpingo, ndipo olankhulawo maso amakhala ali kumene kukuphikidwa nyama. N'chifukwa chake mbiri ya Amayi Clotilda Alufandika, mphunzitsi wa kwa Makhuwira, ikulembedwa pano mosathira mchere. Siikusowa zokometsera.

Clotilda anabadwira kufupi ndi Bangula m'banja la asodzi. Bambo ake, a Andrea, anaoloka kuchokera ku Mozambiki ali mnyamata, atanyamula nkhafi ndi kolona basi. Mwanayu ankatumidwa kudooko kukalandira nsomba, ndipo kumeneko anaona chinthu chimene sanachiiwale. Asodzi akakocheza sankathamangira kunyumba. Ankakhala pansi n'kumasoka maukonde, aliyense akufotokoza zimene wakumana nazo: mvuu imene inafuna kugubuduza bwato, ng'ona imene yang'amba ukonde. Ankasekana, kunyogodolana, kenako n'kubalalika. A Andrea ankati, "Za m'madzi zizithera padooko. Ukapita nazo kunyumba, amene amalumidwa ndi ana."

Masisitere atamuona kuti ndi wamutu anamuthandiza mpaka anaphunzira uphunzitsi. Boma linamutumiza kwa Makhuwira, kumene aphunzitsi ochokera kumtunda amati ndi kuchilango. Kumeneko anakwatiwa, anabereka, anaika amuna awo, ndipo Misa ya Lamlungu sankaiphonya ngakhale msewu utasanduka mtsinje.

Koma ntchito inafuna kuwadya. Kalasi yawo inali pansi pa mtengo wa nimu, ana ali mbwee, ena kutsogolo osamva, ena kumbuyo akumenyana. Akuluakulu a kuboma ankabwera pa galimoto yotseka mawindo, n'kufunsa chifukwa chimene ana sakudziwira kuwerenga, n'kubwerera dzuwa lisanawawambe. Amayi Clotilda ankasenza makope kupita nawo kunyumba. Tulo tinathawa, mawu anasasa, mutu unkagunda ngati ng'oma. Tsiku lina anakwezera ndodo kamtsikana kamene kanalephera kulemba dzina lake, ndipo kanadzikodzera ndodoyo isanatsike. Anaiponya pansi. Loweruka anakalapa, ndipo wansembe anawauza kuti apemphere komanso apite kuchipatala. Kumeneko anawapeza ndi matenda othamanga magazi.

Pobwerera anakumbukira bambo awo. Sabata yotsatira, ana ataweruka, anakokera benchi pamthunzi, naika chigubu cha madzi ndi mbale ya masawu, n'kuitana aphunzitsi anzawo. Anati limenelo ndi dooko lawo. Aliyense anene chimene chamulemera tsikulo, enawo amvetsere osamudula, apemphere Atate Athu, makope atsale mu ofesi. Akachoka pamenepo iwo ankapita kudimba kukapalira mbatata akuimba nyimbo za kwaya. Aphunzitsi aakulu, a Harold, ankaseka ali pakhonde. "Kodi sukulu yanga yasanduka mphakati?" Komabe benchi linkadzaza, ndipo ndodo zinayamba kusowa m'makalasi.

Chaka cha madzi osefukira aakulu kunabwera mphunzitsi wachinyamata wa ku Thyolo, dzina lake Rodgers. Atangoyamba kuphunzitsa chigumula chinafika, ndipo anapeza makalasi atadzaza ndi anthu othawa madzi, kutentha kosapumitsa, udzudzu wosagonetsa. Posakhalitsa anadziwa njira ya kwa ophika kachasu. Makolo anadandaula, ndipo a Harold anamuuza poyera kuti akadzabweranso akununkha, akamunenera kuboma ndipo ntchito idzathera pomwepo. Anthu ambiri anangodikira kuti agwe. Anthu amakonda zimenezo.

Amayi Clotilda anamupeza atatsamira mjigo, maso ali psuu.

"Aphunzitsi, lero mubwere kudooko."

"Amayi, ine si msodzi."

"Ndaona kale. Msodzi akamamira sachita manyazi kukuwa."

"Mukufuna mukandilalikire pamaso pa anthu?"

"Kulalikira ndi kwa bambo mfumu. Ine ndili ndi masawu okha, ndipo akutha."

Anabwera, koma masiku ambiri ankangokhala kumapeto kwa benchi akutafuna masawu. Amayiwo sanamukakamize kulankhula. Tsiku lina atamufunsa monga ankafunsira onse, anayang'ana pansi nati, "M'kalasi mwanga munali Pempho, uja anapita ndi madzi. Mpaka lero anzake akamakhala pansi amasiya mpata pamene ankakhala. Ndikauona mpatawo, miyendo imapita yokha kukachasu." Analira ngati mwana, ndipo palibe anamuseka. A Harold anatsika pakhonde paja, nakhala pabenchi, nati nawonso mdzukulu wawo sanapezeke. Kuyambira tsiku limenelo sanalisekenso dookolo.

Amayi Clotilda anadulira Rodgers mizere ingapo kudimba kwawo, namupatsa khasu. Anamulowetsa kwaya ngakhale mawu ake anali ngati a chule. Anagwanso pa Khirisimasi, ndipo anthu anati tinanena ife. Amayiwo anapita kunyumba kwake m'mawa khasu lili paphewa, nati, "Udzu sudziwa kuti mwalakwa. Tiyeni." Sukulu itatsegulidwa anafika wolunga, ndipo kuboma sanakanenedwe. Patapita zaka kalasi yake inayamba kutumiza ana ku sekondale, chinthu chimene mudziwo unali utasiya kuchiyembekezera.

Atapuma pantchito, amayiwa sanalandire ulemu uliwonse kwa aja a galimoto, ndipo sanaufune. Miyendo inatupa, maso anachita khungu, koma kolona sinkachoka m'manja, ndipo aphunzitsi a masukulu oyandikana ankabwera kudzafunsa mmene amachitira zinthu pansi pa nimu paja. Matenda atakula anadzozedwa mafuta oyera. Masana amenewo Rodgers, amene tsopano anali mphunzitsi wamkulu, anadzawaona ana ataweruka.

"Lero chakulemerani n'chiyani?" anafunsa amayiwo chapansipansi.

"Ndinu, amayi."

"Ndiye mwanena. Pitani kunyumba, ana akukudikirani."

M'mawa mwake, belu la kutchalitchi likulira, anatsamira phewa la mwana wawo Otilia n'kupuma komaliza, nkhope ili yosalala ngati ya munthu amene wagona atakhuta.

Pamaliro awo okamba sanasowe kunama, ndipo zimenezo siziwonekawoneka kuno. Kutsogolo kwa bokosi kunali Rodgers, munthu uja tonse tinamuika kale m'manda ali moyo. Boma linali litamulola kubwerera kwawo kozizira, iye anakana. Amene akufuna umboni wa moyo wa Amayi Clotilda asaufune pamwala wa pamanda. Apite kusukulu kuja Lolemba m'mawa, akaone amene amatsegula chitseko asanafike wina aliyense. Mulungu amene anawapatsa ana a eni kuti awalere, awapumitse tsopano pamthunzi wake.